Kusintha miyezo: makwerero kapena fulakishoni?

Ambiri a ife tinayamba kusintha miyezo ndi makwerero aja: kilo, hekto, deka, mita, desi, senti, mili. Mukatsika sitepe imodzi mumachulukitsa ndi 10, mukakwera mumagawa ndi 10. Njira inayo ndi yochulukitsa ndi fulakishoni yofanana ndi 1, monga 100 cm pamwamba ndi 1 m pansi, kenako n'kufufuta yuniti imene yapezeka pamwamba ndi pansi pomwe.

Pa changu, makwerero alibe mnzake. Kuti 3.5 km ikhale mamita, mungosuntha kadontho katatu, mwapeza 3 500 m, ngakhale pamtima. Mavuto amayamba sikweya mita ikafika. Wophunzira amene anazolowera kuti mita ndi masentimita 100 amalemba mosakayika kuti 1 m² ndi 100 cm², chonsecho ndi 10 000 cm², chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi masentimita 100. Nayo 1 m³ ndi 1 000 000 cm³, kapena kuti malita 1 000. Makwerero sakuuzani chifukwa chake. Amangokupatsani lamulo lina loloweza, loti musunthe kadontho kawiri kapena katatu pa sitepe iliyonse, ndipo lamulo limeneli ndi limene limathawa tsiku la mayeso.

Pa miyezo ya nthawi ndiye makwerero sagwira ntchito n'komwe, poti ola lili ndi mphindi 60. Zimandipweteka kuona mwana wakhama akulemba kuti maola 1.5 ndi ola limodzi ndi mphindi 50, pomwe ndi ola limodzi ndi mphindi 30.

Fulakishoni imachedwetsa, imadya pepala, ndipo kwa wophunzira amene mafulakishoni amamuvuta kale, masiku oyamba amakhala owawa. Koma taonani liwiro la 72 km/h. Chulukitsani ndi 1 000 m pamwamba pa 1 km, kenako ndi ola limodzi pamwamba pa masekondi 3 600. Makilomita afufutika, maola afufutika, kwatsala 20 m/s. Mukaika fulakishoniyo chadodolido, mayuniti amakana kufufutika, cholakwa n'kuonekera musanafike pa yankho. Ngakhale mainchesi amasinthika ndi njira yomweyi, bola mukumbuke kuti inchi imodzi ndi 2.54 cm.

Ineyo makwerero ndimawasungira utali, kulemera ndi malita basi. Funso likangokhala ndi ka 2 kapena ka 3 pamwamba pa yuniti, kapena mawu oti “pa ola”, ndimalemba fulakishoni yonse, mayuniti ake omwe.