Kuwerenga pawekha kapena pagulu pokonzekera mayeso a chilolezo

Wophunzira zachipatala ku Dedza amene akufuna kulembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, bungwe lopereka chilolezo kwa madokotala, angathe kuwerenga payekha kapena kukambirana ndi anzake. Kuwerenga pawekha kumathandiza kuloweza milingo ya mankhwala, monga kaperekedwe ka LA (mankhwala a malungo) molingana ndi kulemera kwa mwana, ndiponso zizindikiro za malungo aakulu ofunika jakisoni wa artesunate.

Koma mafunso okhudza khalidwe la dokotala salowezeka. Bambo akapezeka ndi HIV nakana kuuza mkazi wake amene akudikira pakhonde, kodi chinsinsi cha wodwala chimalekezera pati? Nkhani yotereyi imamveka bwino anthu akatsutsana, makamaka atangotuluka m'wodi, nkhope ya wodwalayo akuikumbukirabe. Ine ndingasungire gulu madzulo ambiri, malinga likhale laling'ono, pakuti lalikulu silichedwa kusanduka macheza.