SunPass PRO pa ulendo wochoka ku Miami Beach kupita mumzinda wa Miami: imathandiza, koma si onse ofunika kuigula

Nyenyezi 4 pa 5.

SunPass PRO, kachipangizo kolipirira misewu komwe mumaika pagalasi la galimoto, kamagwira ntchito yake mosavuta. Mukadutsa pansi pa makamera a msewu wolipira, ndalama zimachoka zokha mu akaunti yanu, osaima, osatsitsa galasi. Koma munthu amene wafikira ku Miami Beach ndipo akungofuna kuwolokera mumzinda wa Miami adziwe izi asanatulutse ndalama: misewu iwiri ikuluikulu yowolokera kumtunda, MacArthur ndi Julia Tuttle, ndi yaulere. Phindu la SunPass limaoneka pamene njira yaulereyo yadzaza ndipo mukufuna kuzembera ina, kapena pamene mwaphonya potulukira n'kupezeka muli pa msewu wolipira. Zonse ziwirizi zimachitika kawirikawiri pa ulendo waufupiwu.

Miami Beach ndi chilumba chachitali, chopyapyala, chamchenga, chomwe chimatchinga gombe ku mafunde a Atlantic. Pakati pa chilumbachi ndi mzinda pali madzi a Biscayne Bay. Choncho galimoto iliyonse yochoka pachilumba iyenera kupanikizana pa umodzi mwa misewu yochepa yowoloka madziwo, ndipo kukonza ulendo kwenikweni ndi kusankha msewu wowolokera. Mtunda si nkhani. MacArthur yonse ndi mamailosi pafupifupi 3.5, kuposa pang'ono makilomita 5, ndipo msewu ukakhala wopanda mdipiti mphindi 10 kapena 15 zimakwana kuchoka ku South Beach kufika ku Bayside. Ulendo womwewo madzulo a tsiku lantchito ungadye mphindi zoposa 30.

Msewu wokuthandizani pachilumbapo ndi Alton Road, womwe uli mbali ya kumadzulo. Umakumana ndi MacArthur pa 5th Street, umadutsa Dade Boulevard yopita ku Venetian, msewu winanso wowolokera, cha pa 17th Street, n'kukalumikizana ndi Julia Tuttle cha pa 41st Street. Mukakhala pa Alton mumatha kusintha maganizo mochedwa. Mukakhala pa Collins Avenue kapena Ocean Drive mumathera nthawi pa maloboti ndi anthu oyenda pansi musanafike n'komwe pamlatho.

MacArthur ndi ya amene ali kum'mwera kwa chilumba ndipo akupita pakati pa mzinda: Bayside Marketplace, Kaseya Center komwe kumasewera timu ya Miami Heat, nyumba yosungira zojambula ya Pérez, kapena Brickell. Unatsegulidwa mu 1920 ndipo dzina la MacArthur unapatsidwa mu 1942. Ulibe mlatho wotsegukira maboti. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba lili pa Watson Island, pomwe malole ndi magalimoto otuluka mu ngalande ya pansi pa madzi ya PortMiami, yomwe inatsegulidwa mu 2014, amalowa mumsewu womwewo kulowera kumtunda; m'mawa wa Loweruka ndi Lamlungu, sitima zikuluzikulu za alendo zikamatsitsa anthu, pamathina. Lachiwiri lili kumapeto, pomwe msewu umasanduka I-395. Kumeneko kwakhala kukumangidwa mlatho watsopano kuyambira 2019, ndipo mizere ya msewu ndi potulukira amazisuntha, nthawi zina kutsekeratu usiku. Wopita pakati pa mzinda atulukire pa Biscayne Boulevard, US 1. Mukaphonya pamenepo n'kuphonyanso polowera I-95, mwalowa SR 836, Dolphin Expressway, ndipo umenewo ndi wolipira. Apa ndi pomwe anthu ambiri opanda SunPass amadzipezera ngongole osadziwa.

Julia Tuttle, yomwe pa zikwangwani imalembedwa I-195, ndi ya amene ali pakati pa chilumba, kuyambira cha m'ma 30th Street kukwera kumpoto. Imakutsitsirani cha pa NE 36th Street, pafupi ndi Design District, Midtown ndi Wynwood. Ndi yotakata, yothamanga, yaulere. Nayo ili ndi msampha wofanana: mukapitirira kumadzulo kudutsa I-95 mwalowa SR 112, Airport Expressway, yolipira. Kwa wopita ku bwalo la ndege imeneyi ndiyo njira yachidule, ndipo apa SunPass imadzilipira yokha. Wochokera ku Mid-Beach kupita ku Brickell angawoloke pa Tuttle n'kutsika ndi I-95, m'malo motsika chilumba chonse kukafuna MacArthur. Pamapu zimaoneka ngati kuzungulira, koma maloboti a South Beach mwawalambalala.

Venetian ndiyo yolipira, ndipo ndiyo chifukwa chenicheni chogulira kachipangizoka ngati mukukhala cha pa Lincoln Road, Sunset Harbour kapena pafupi ndi Convention Center. Inatsegulidwa mu 1926 m'malo mwa mlatho wamatabwa wa Collins wa 1913. Ndi mndandanda wa milatho 12 yodumpha tizilumba 6: Belle Isle, Rivo Alto, Di Lido, San Marino, San Marco ndi Biscayne Island. Mzere ndi umodzi kupita, umodzi kubwera, liwiro lololedwa ndi lotsika chifukwa mukudutsa pakati pa nyumba za anthu, ndipo apanjinga ndi othamanga amakhala ambiri m'mbali. Imatulukira pa NE 15th Street, pafupi ndi Adrienne Arsht Center. MacArthur ikadzaza, kuyenda pang'onopang'ono pa Venetian kumakufikitsani msanga kuposa kuima pa msewu wothamanga. Koma iwiri mwa milatho 12 ija imanyamuka kuti maboti adutse. Masana imatsegulidwa pa ola lenileni ndi pa theka la ola ngati pali boti lodikira, choncho kufika pamlatho 5 koloko ndendende n'kudziika pamzere. Nyamukani moti mufikepo mphindi 10 kapena 15 ola litadutsa.

Kumpoto kuli ina iwiri. Ya 79th Street, yotchedwanso John F. Kennedy Causeway, ndi yaulere, imadutsa North Bay Village, koma ili ndi maloboti ndi milatho yotseguka. Broad Causeway ya ku Bay Harbor Islands ndi yolipira ndipo imapita ku North Miami, kutali ndi pakati pa mzinda.

Tsopano kachipangizo kenikeniko. SunPass ndi ya nthambi ya boma la Florida yoyang'anira misewu, ndipo inayamba mu 1999. Pali mitundu iwiri. Mini ndi kasitika komata pagalasi, ka $4.99 ndi msonkho pamwamba. PRO ndi kabokosi kakang'ono kogwira pagalasi ndi timphira, ka $14.95 ndi msonkho pamwamba, ndipo kamachotseka. Zonse zimagulitsidwa m'masitolo monga Publix, CVS ndi Walgreens, omwe ali ponseponse pachilumbapo. Ngati galimoto ndi yanu ndipo simutuluka m'Florida kawirikawiri, Mini ikukwanira. Ngati ndi ya hayala, musayese n'komwe Mini: mukaimatula pagalasi yawonongeka, siigwiranso. PRO, yomwe inatuluka mu 2021, mumasamuka nayo kupita pa galimoto ina, ndipo imagwiranso m'madera ena a America komwe kuli dongosolo lina lolipirira misewu lotchedwa E-ZPass.

Kugula kokha sikuyambitsa kanthu. Muyenera kutsegula akaunti pa intaneti kapena pa apu ya SunPass, kulowetsa nambala yolembedwa pa kachipangizoko, kuikamo ndalama zosachepera $10, ndi kulembetsa nambala ya galimoto. Chitani zimenezi muli m'nyumba, musanayambe ulendo. Nambala ya galimoto ndiyo anthu amaidumpha, pomwe ndiyo chitetezo chanu: makina akalephera kuwerenga kachipangizo, kamera imajambula nambala, ndipo ikapezeka pa akaunti yanu ndalama zimachoka komweko. Ikapanda kupezeka, bilu imapita kwa mwini galimoto pa mtengo wokwera wa Toll-by-Plate.

Poika, pukutani galasi lakutsogolo m'kati, cha kumbuyo kwa kalilole woonera m'mbuyo, lisakhale ndi fumbi kapena mafuta. Dzuwa la ku Miami limatenthetsa galasi kwambiri, ndipo timphira tikamatidwa pa galasi losapukuta timaleka kugwira, kabokosi n'kugwera pansi pa mpando pomwe sikawerengeka. Kukagwira m'manja mukuyandikira makamera si nzeru: nthawi zina kamawerengeka, nthawi zina ayi. Magalasi ena a magalimoto okwera mtengo ali ndi tizitsulo m'kati timene timatchinga. Buku la galimotoyo limasonyeza kadera kosatchinga, kawirikawiri pomwe pali timadontho takuda pafupi ndi kalilole.

Pa galimoto ya hayala ndi pomwe ndalama zimapulumuka kapena kutayika. Makampani obwereketsa magalimoto amakhala ndi dongosolo lawo lolipirira misewu, ndipo ambiri amaonjezera ndalama ya tsiku pamwamba pa mtengo wa msewu. Kuwoloka Venetian kamodzi kungakubweretsereni bilu yoposa mtengo wa mlathowo kangapo. Ndi PRO yanu mumalipira mtengo wa msewu wokha, koma pokhapokha mwachita zinthu zitatu. Uzani a kampani kuti simukufuna dongosolo lawo, ndipo onani kuti silinalembedwe pa pepala la mgwirizano. Ngati pagalasi pali kabokosi kawo kokhala ndi chivundikiro, kasiyeni kotseka, apo ayi makina angawerenge kawo m'malo mwa kanu. Ndipo lembetsani nambala ya galimotoyo pa akaunti yanu ngati ya hayala, ndi tsiku ndi ola loyambira komanso lomalizira. Ola lomalizira musaliiwale. Nambalayo ikatsalira pa akaunti yanu, wobwereka pambuyo panu adzayenda pa ndalama zanu. Pobweza galimoto kumbukirani kumatula kabokosi. Ndi kakang'ono, kamabisala kuseri kwa kalilole.

Amene anazolowera zipata za ku Chingeni ndi Kalinyeke pa M1, pomwe mumaima n'kupereka ndalama pawindo, asayembekezere zotero kuno. Pa Venetian, 836 ndi 112 palibe munthu wolandira ndalama, palibe chotchinga msewu. Pali chitsulo chopingasa pamwamba chokhala ndi makamera basi, ndipo mukhoza kudutsa osazindikira kuti mwalipiritsidwa. Kumbukiraninso kuti kuno galimoto zimayenda kumanja ndipo liwiro pa zikwangwani ndi la mamailosi.

Nyenyezi yachisanu yachoka pa zifukwa ziwiri. Choyamba, misewuyi ili ndi eni osiyanasiyana: Venetian ndi ya boma la Miami-Dade County, 836 ndi 112 zili pansi pa bungwe loyang'anira misewu yothamanga ya m'dera la Miami, Broad ndi ya tauni ya Bay Harbor Islands. SunPass imalipira konseko, koma ndalama zochotsedwa sizioneka nthawi imodzi pa akaunti, zina zimadzaoneka patapita masiku. Munthu angaone $10 yake ili chilili n'kuganiza kuti zonse zili bwino, pomwe zikubwera. Njira yake ndi kulumikiza khadi la kubanki kuti akaunti izidzidzaza yokha ikatsika, zomwe amazitcha Easy Pay.  Chachiwiri, apu yake siikuuzani za mdipiti kapena msewu wotsekedwa. Zimenezo muzione pa apu ya FL511, yomwe imaonetsa ngozi, ntchito za pamsewu ndi makamera, kapena pa mapu a pafoni. Pa mapuwo onani ngati batani lopewa misewu yolipira lili loyatsa: likakhala loyatsa, Venetian sadzakuonetsani ngakhale itakhala yopanda galimoto, ndipo mwagulira kachipangizo pachabe.

Mizere yapadera ya I-95, yotchedwa 95 Express, imafuna kachipangizo. Kulowamo opanda ndi chindapusa. Mtengo wake umakwera magalimoto akachuluka. Pa ulendo wa pakati pa chilumba ndi mzinda mizereyi ilibe ntchito kwenikweni, chifukwa polowera ndi potulukira pake n'potalikirana ndipo ingakupitirizeni pomwe mumafuna kutsika.

Pali masiku omwe kachipangizo sikangakupulumutseni. Kumayambiriro kwa Disembala kuli chionetsero cha zojambula cha Art Basel ku Convention Center, ndipo misewu yonse itatu imadzaza kuyambira masana. Mpikisano wothamanga wa Miami Marathon, womwe umachitika kumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, umadutsa pa MacArthur ndi Venetian m'mawa wa Lamlungu, ndiye tsiku limenelo ndi la Julia Tuttle. Mu Febuluwale kuli chionetsero cha maboti, mu Malichi kuli tchuthi cha ophunzira a m'makoleji, pomwe apolisi amaika malo ofufuzira magalimoto olowa pachilumba. Usiku womwe Heat ikusewera pakhomo, Biscayne Boulevard pafupi ndi Kaseya Center imaima ola limodzi masewero asanayambe. Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala nyanja imakwera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano, ndipo madzi amchere amatha kutulukira m'ngalande za misewu yotsika ya kumadzulo kwa chilumba ngakhale kulibe mvula. Musalowemo, mcherewo umadya kunsi kwa galimoto. Nyengo ya namondwe ndi 1 Juni mpaka 30 Novembala, ndipo boma likalamula kuti anthu achoke pachilumba, nyamukani msanga chifukwa njira ndi zomwezi.

Poimika galimoto mumzinda SunPass siigwira. M'misewu ya Miami amalipiritsa kudzera pa PayByPhone, pomwe ku Miami Beach ndi ParkMobile, choncho ikani maapu onse awiri pafoni ndipo nambala ya galimoto ilembedwe molondola pa onse. Wopita ku Brickell adziwe kuti mlatho wa Brickell Avenue pa mtsinje wa Miami nawo umanyamuka. Chanzeru ndi kusiya galimoto pa malo oimikapo kumpoto kwa mtsinje n'kukwera Metromover, sitima yaing'ono yoyenda pamwamba yomwe ndi yaulere ndipo imafika ku Brickell. Ili ndi siteshoni pafupi ndi Arsht Center, pomwe Venetian imatulukira.