Dishi yotembenuka yokha: mmisiri ndamuyamikira, koma mota si ya nyumba iliyonse

Mota ya dishi, kachipangizo kotembenuza dishi kuti izigwira masetilaiti osiyanasiyana, anandibweretsera ndi mlamu wanga kuchokera ku Joni, pamodzi ndi dikoda ya matchanelo aulere. Inagona m'katoni pansi pa bedi miyezi inayi. Anyamata awiri amene ndinayamba kuwaitana pa boma la Mangochi pano anangoitembenuzatembenuza m'manja, n'kunena kuti iwo amadziwa dishi yongoima malo amodzi. Wachitatu, amene ali ndi kashopu kokonza ma TV ndi mawailesi, ndiye anati ndiitha. Za ntchito yake ndi zimene ndikulemba pano, popeza anthu odutsa pamsewu akhala akundifunsa akaona dishi ikuyenda yokha.

Ine maganizo anga anali oti aikhome pakhoma la kukhonde, m'munsi mwa malata, pamene panali dishi yathu yakale. Mnyamatayo anafika panjinga yamoto, anayang'ana khomalo, kenaka anagogoda ndi sipanala. Pulasitala anagwa kachidutswa, mkati munatuluka fumbi lofiira.

"Madala, nyumbayi munamangira dothi, simenti ili kunja kokha. Ndikamanga mabawuti apa, Mwera wa mu Julaye adzazula dishi ndi njerwa zomwe."

Ndinakwiya chamumtima. Ndinkaona ngati akufuna kuchulukitsa ntchito kuti ndalama ikwere, poti dishi yakale inakhala pakhoma lomwelo zaka zambiri osagwa. Koma anandikhazika pansi n'kujambula pamchenga ndi chala. Masetilaiti a TV onse ali pamzere umodzi pamwamba pa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi pano. Ife a kuno kummwera timauona mzerewo chakumpoto, utapindika ngati utawaleza kuchokera kummawa kukafika kumadzulo. Dishi wamba imangoloza kadontho kamodzi pa utawo, ndiye ngakhale chitsulo chake chitapendekeka, mmisiri amangoikhotetsa mpaka chithunzi chibwere. Ya mota imayenera kutsata uta wonse. Chitsulo chikangopendekeka pang'ono, mugwira setilaiti imodzi, zina zonse dishi izidutsa m'mwamba kapena m'munsi mwake. Komanso mota ndi yolemera, ndipo imakankhira dishi patali ndi chitsulo, moti mphepo ikawomba mphamvu yonse imathera pamabawuti. Amene anakhalako m'mbali mwa nyanja muno mwezi wa June mpaka August amaudziwa Mwera, ngakhale asodzi amangokokera mabwato kumtunda.

Choncho tinagwirizana zozika paipi pansi, pafupi ndi khoma lakumpoto. Apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu ntchito amaidziwa. Anapita ndi paipi kwa owotcherera kuti aike tizitsulo tiwiri topingasa kunsi kwake, kuti isamazungulire mkati mwa konkire. Dzenje anakumba lofika m'chiuno, chifukwa dothi la kwathu kuno ndi mchenga wokhawokha. Pothira konkire, levulo sinachoke m'manja mwake: aike mbali iyi, aike mbali inayo, akankhe paipi ndi bondo, ayang'anenso kathovu ka m'levulomo. Atakhutira anaimangirira ndi zingwe zitatu kuzikhomo, n'kuuza adzukulu anga kuti amene akhudze paipiyi adzaonana naye. Anati tizithirira madzi m'mawa ndi madzulo, iye abwera Lachinayi.

Anabwera Loweruka. Lachinayi ndi Lachisanu foni yake inali yozimitsa, ine nditasiya zochita zanga kumudikira. Pofika anangoti, "Pepani madala, ndinali ku Namwera," basi nkhani yathera pompo. Mwayi wake ndi woti ndinali nditamupatsa theka lokha la ndalama. Inunso mudzatero.

Tsiku lokweza dishi linali lalitali, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo. Dishi yakale ya masentimita 90 anati ingagwire, koma tinaika ya mita 1.2 kuti masetilaiti a m'mphepete asamavute. Mota iyenera kuyang'ana kumpoto kwenikweni, ndipo kampasi ya pafoni anaikana, ati pafupi ndi malata imanama. Mmalo mwake anagwiritsa ntchito setilaiti ya Eutelsat ya pa 36°E (nambala yosonyeza malo ake chakummawa pa mapu a dziko), yomwe madishi a DStv ambiri kuno amaloza. Mangochi ili cha pa 35.3°E, ndiye setilaiti imeneyi ili pafupifupi pamsonga penipeni pa uta uja. Ukaigwira bwino, wapeza pakati. Anatulutsa ka TV kakang'ono n'kukaika pampando pansi pa dishi, n'kumasuntha pang'onopang'ono uku akuyang'ana mzere wa siginolo.

Kenaka zinatisokonekera. Dikoda ili ndi njira yotchedwa USALS: umalembamo pamene uli padziko, iyo n'kumawerengera yokha kuti mota itembenuke bwanji. Analemba 35.3 ndi 14.5, manambala a pamene pali Mangochi pa mapu, n'kusankha Intelsat 20 ya pa 68.5°E, yomwe ili chakummawa. Dishi inanyamuka ulendo wa kumadzulo. Anabweza, anayesanso, yomweyo. Thukuta lili kamukamu, anayamba kukayikira mota kuti mwina inawonongeka m'basi. Ola lathunthu linatha. Amene anatipulumutsa ndi mdzukulu wanga wa Fomu 2, amene anaima kumbuyo n'kufunsa kuti, "Agogo, N ameneyo si wa kumpoto? Ife si tili kummwera?" Dikoda inabwera ili pa 14.5°N. Atasintha kukhala S, dishi inatembenukira koyenera. Mmisiri anaseka, n'kuvomera pamaso pa mwana kuti anaphonya. Zimenezo zinandisangalatsa kuposa akanachita ngati ankadziwa kale.

Chithunzi cha pa 68.5°E chinkadukaduka. Setilaiti imeneyi ili m'munsi poyerekeza ndi ya pa 36°E, ndipo pakati panali nthambi ya mango a mayi a kunyumba. Kukambirana za nthambi imeneyo kunatenga nthawi kuposa kuidula.

Ntchito yomalizitsa anaigwira mwaukhondo. Kebulo imachoka ku LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kolandira siginolo, kulowa mu mota, kuchoka mu mota kupita ku dikoda, ndipo magetsi oyendetsa mota amadutsa mu kebulo yomweyo, palibe waya wina. Anasiya kebulo yolendewera pang'ono kuti dishi ikamatembenuka isamakoke, ndipo molumikiza monse anakulunga tepi kuti madzi asalowe. Anandilangizanso kuti kukachita ziphaliwali ndizizula kebulo ku dikoda.

Tsopano patha miyezi isanu ndi itatu. Mwera wadutsa, paipi ili chilili, ndinaikapo levulo yobwereka ndipo kathovu kali pakati. Kawiri konse magetsi anathima dishi ili pakati pa ulendo, itaiwala pamene ili. Anandiphunzitsa pafoni kuibweza pa ziro kudzera m'dikoda, ndipo zinatheka osabwera, osalipira. Mvula yamphamvu ikagwa chithunzi chimathawa ngati pa dishi ina iliyonse.

Koma za mota yeniyeniyo ndinene mosabisa. Mlamu wanga anandiuza ngati kuti ndikangoiika ndiye kuti mpira wonse wa ku Ulaya walowa m'nyumba. Ayi ndithu. Mota imangoloza dishi, sitsegula tchanelo chokhoma. Zolipira zimafunabe dikoda yake ndi ndalama yake mwezi ndi mwezi. Zaulere zilipo zambiri, koma pa 68.5°E zochuluka ndi za mapemphero, abusa kulalikira usana ndi usiku. Ine wokonda nkhani za m'maiko ndi kungofufuza kuti kumwambaku kuli chiyani, ndimakhutira. Ndimatha kukhala madzulo onse ndikusakasaka.

Vuto lili pabalaza. Kuchoka mbali ya kummawa kupita ku masetilaiti a kumadzulo, monga a pa 7°E, dishi imayenda pafupifupi theka la mphindi, TV ili bii, panja pakumveka kulira kwa mota ngati kachigayo kakutali. Kwa munthu mmodzi si kanthu. Koma nyumba ya anthu asanu ndi awiri, rimoti imodzi, wina akufuna kwaya, wina katuni, dishi imangokhalira kupukusa mutu ngati ikukana mlandu. Mayi a kunyumba anafika ponena kuti dishi yakale ija inali ndi ulemu, ukadina chinthu chimabwera.

Ndiye dishi yakale ija taitulutsanso m'stoo. Ikhala ya iwo ndi adzukulu, yoima malo amodzi, pa paipi yakeyake, osati pakhoma. Ndaitana mnyamata yemwe uja, ndipo simenti ndagula kale. Wati abwera Lachinayi, ndiye ndikumuyembekeza Loweruka.