Pampu ya sola ija, nayi nkhani yake patatha chaka

Anthu mwakhala mukundifunsa za pampu ya sola imene ndinagula pashopu ina pa Kasungu boma, ndiye ndati ndingoyankha kamodzi. Chinandipangitsa kuigula ndi ng'amba ya El Niño ya 2024, paja boma linachita kulengeza kuti kwagwa ngozi m'maboma 23 mwa 28, ine chimanga changa chinapserera chisanamasule n'komwe, ndinangoti zodalira mvula yokha zakwana, ndalama ya fodya yonse ndinakaponya pa pampu, mayi akunyumba anatha masiku awiri osandiyankhula.

Kukoka madzi imakoka ndithu, apo sindinama. Dzuwa likakwera cha m'ma 9 koloko madzi amabwera mwamphamvu mpaka cha m'ma 3, dimba langa kudambo kuno kwa Santhe ndimathirira ndili chiimire payipi ili m'manja, pomwe kale ndi thiredo pampu miyendo inkachita kuphwanya usiku onse, za kheni ndiye tisanene. Petulo sifuna, ndipo nonse mukudziwa mmene mizere ya pa filing'i imakhalira akasowa. Tomato, mpiru ndi mondokwa ndagulitsa mpaka fizi ya ana yatuluka momwemo.

Koma mu June ndi July kukachita mitambo imafooka, madzi amangobwera mwaulesi. Mapanelo ndimabwerera nawo kunyumba panjinga madzulo aliwonse, kuwasiya kudimba ndiye mwapatsa akuba. October chitsime chikaphwa imayamba kukoka matope n'kutsekeka.

Chimene chinandiwawa ndi eni shopu. Pogula zinali bwana bwana, walanti ilipo musadandaule. Kabokosi koyendetsa pampu katapsa, eee nkhani inasintha, akuti dikirani sipeya ichokera ku Lilongwe, mawa, mkuja, foni osayankhanso, masabata atatu tomato akufota ine ndabwerera ku kheni yomwe ija. Anandipulumutsa ndi mnyamata wina wokonza mafoni pamsika, anangotsegula n'kuwotcherera kawaya basi.

Pawailesi amakamba za Malawi 2063, masomphenya aja anakhazikitsa mu 2021, akuti ulimi ukhale wa bizinesi, tizithirira. Ine sindikutsutsa, koma mapampuwa akafa kuno kumudzi wokonza wake ndani?

Pampuyo ndingaigulenso, koma osati pashopu imene ija. Mukamagula auzeni akuonetseni masipeya ali pashelefu pompo musanatulutse ndalama. Ine pano ndikusaka anyamata oti andikumbire chitsime chitsike mamita ena awiri October asanafike.