Patha miyezi 9 ndili ndi HP Z440 yakaunjika

Tsiku lomwe ndinabwera nacho chibokosichi, mayi akunyumba anafunsa ngati ndagula firiji ina. Ndinkafuna seva yapakhomo, kompyuta yomagwira ntchito payokha n'kumatumikira zipangizo zina, yoti izichepetsa mavidiyo a maukwati omwe ndimajambula Loweruka, komanso yoti ndiziphunzirirapo Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D, usiku. Z440 ndi kompyuta yaikulu ya HP yomwe inatuluka mu 2014, ndipo yanga ndinaikamo purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Xeon E5-2680 v4 ya mu 2016, yokhala ndi ma core 14 ndi ma thread 28, zomwe zimaithandiza kugwira ntchito zambiri nthawi imodzi.

Pantchito yolemetsa sinandigwiritsepo mwala. Ndimandandalika mavidiyo mu HandBrake, pulogalamu yochepetsera mavidiyo, n'kukagona, pofika m'mawa onse akonzeka. Kale laputopu inkatentha ngati nsimbi ndi vidiyo imodzi yokha. Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi RAM, memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito. Makinawa amalandira RAM ya mtundu wa DDR4 ECC yochotsedwa m'maseva akale, ndipo ali ndi malo 8 oikamo. Ndinafika pa 64GB osalira, moti Proxmox, pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo mkati mwa kompyuta imodzi, imayendetsa makina atatu nthawi imodzi popanda kutsamwa. Dziwani kuti Xeon imeneyi payokha siitulutsa chithunzi, muyenera kukhala ndi graphics card, chipangizo chotulutsa zithunzi pa sikirini.

Pomwe ndinalakwitsa ndi pamagetsi. Pogula ndinangoyang'ana mtengo ndi ma core, za mita osaganizirako. Miyezi iwiri yoyamba ndinkaisiya yoyaka usana ndi usiku, chonsecho ntchito yeniyeni inkaigwira mausiku atatu okha pasabata. Tawerengani nokha: chipangizo chodya mawati 100 chikayaka tsiku lonse chimamaliza mayunitsi 2.4, pamwezi 72. Mita itayamba kulira mwezi usanafike pakati, pakhomo panavuta, ndipo mayi sanalakwe kudandaula. Ndinagula Raspberry Pi 4, kakompyuta kakang'ono kosadya magetsi ambiri, kuti izisunga mafayilo ndi tintchito tina ting'onoting'ono. Ka Pi kameneka ndi kamene kamadzutsa Z440 kudzera pa Wake-on-LAN (njira yoyatsira kompyuta kudzera pa netiweki) pakapezeka ntchito yaikulu, ikatha chimphonacho chimadzizimitsa chokha. Ndikanayamba chonchi ndikanapulumutsa ndalama zambiri.

Usiku wina magetsi anathima ntchito ya maola 6 itatsala pang'ono kutha. Zinandiwawa, chifukwa akwati ankaidikira vidiyoyo m'mawa mwake. Pano ndili ndi UPS yaing'ono, bokosi la batire lopereka magetsi akathima. Siingayendetse makinawa nthawi yaitali, koma ndinailumikiza ndi chingwe cha USB kuti magetsi akapita iziuza seva izime mwadongosolo, ma disiki asawonongeke.

Mu Okutobala mafani anayamba kulira mokweza. Nditatsegula chitseko cham'mbali, chomwe chimangofuna kukoka chogwirira popanda sikuludiraiva, ndinapeza fumbi litamatirira pa heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, ngati gaga. Ndinaliuzira ndi blower pakhonde, n'kuichotsa kompyutayo pansi kuiika patebulo, ndipo phokoso linatha.

Mphwanga akufuna seva yake yoti azisungiramo zithunzi ndi mafilimu a ana. Ndamuuza kuti Z440 asaiyandikire, agule kakompyuta kakang'ono kosadya magetsi. Yangayi ndiisunga, ndipo chotsatira ndikufuna graphics card ya RTX 3060 ya 12GB kuti Blender izithamanga.