Jeke wa galimoto yokwezedwa: wa botolo kapena Hi-Lift?

Eni ma Land Cruiser ndi ma Hilux ambiri kuno ku Kasungu akakweza galimoto ndi masentimita 5 n'kuvalika matayala akuluakulu, amaiwala kuti jeke sanakule nayo. Vuto limaonekera tayala likaphwa pa msewu wa fumbi wopita ku Lifupa kapena kuseri kwa Chamama: jeke wafika pamapeto koma tayala likadali pansi. Tayerekeza majeke awiri amene anthu amalimbana nawo posankha, wa botolo (wamfupi wopopa, wogwira ntchito ndi oyilo) ndi Hi-Lift (wa mtanda wautali wachitsulo), ndipo pa ntchito yosintha tayala wa botolo ndiye wapambana, bola akhale wa msinkhu woyenera.

Poyamba mvetsani ichi. Masipuling'i aatali amakweza chassis (zitsulo zomwe thupi la galimoto lakhalapo), sakweza axle (chitsulo cholumikiza matayala awiri). Chokweza axle ndi tayala basi. Choncho jeke woikidwa pansi pa axle alibe nazo ntchito kuti galimoto inakwezedwa motani, koma woikidwa pa chassis kapena pa bampala ayenera kuyamba watambasula masipuling'i onse tayala lisananyamuke.

Anthu ambiri pogula amangoyang'ana matani olembedwa pa jeke. Matani si vuto kwenikweni, chifukwa mukunyamula ngodya imodzi yokha, ndipo jeke wa matani 4 mpaka 6 amakwanira ngakhale Land Cruiser 79 itasenza mabelo a fodya. Chofunika ndi miyeso iwiri. Tayala la 285/75R16 ndi lalitali pafupifupi masentimita 83, ndipo kuchoka pa limu kufika pansi pali masentimita 21. Likaphwa, axle imatsika ndi masentimita 15 kapena kuposerapo. Ndiye jeke ayenera kukhala wamfupi kuti alowe pansi pa axle yotsikayo, komanso akwere mokwanira kuti sipeya yopopa bwino ilowe. Majeke ambiri a botolo a chitsulo chimodzi amakwera masentimita 12 mpaka 15 okha, ndipo apa ndi pomwe amagonjera. Kasikuluwu ka pamutu kamangothandiza kufikira axle, sikawonjezera kukwera. Funani wa zitsulo ziwiri zotuluka motsatana, amene amayamba wamfupi koma n'kukwera pafupifupi kawiri. Musanapite ku sitolo, phwetsani dala tayala limodzi pakhomo, yezani kuchoka pansi kufika pomwe jeke adzagwire, mupope n'kuyezanso, kenaka onjezerani masentimita 3. Pitani ndi tepi ku sitoloko.

Ngati muli kale ndi wosakwera kwambiri, kwezani tayala lophwalo pa thabwa lochindikala poyendetsa galimoto pang'ono, jeke apeze poyambira.

Wa botolo ali ndi zofooka zake. Mutu wake ndi waung'ono ndipo umaterereka pa axle yobulungira, choncho muikeni pansi pa chitsulo chomwe chamanga masipuling'i, kapena owotcherera akupangireni kachitsulo kokhala ngati U kovala pamutupo. Phazi lake nalonso ndi laling'ono. Mu mchenga kapena m'dambo nthawi ya dzinja amangomira galimoto osasuntha. Yendani ndi thabwa la mtengo wolimba, masentimita 30 mbali zonse, kuchindikala masentimita 5. Njerwa ayi, zimaphwanyika mwadzidzidzi. Musungeni choimirira, chifukwa akagona oyilo amadontha ndipo mpweya umalowa. Akayamba kukwera monyinyirika, tsegulani valavu, mupope kangapo, chotsani kachivindikiro ka labala mpweya utuluke, n'kuwonjezera oyilo wa haidiroliki. Mafuta a mabuleki amadya ma seal, musawayese.

Pa ma Hilux a masiku ano kutsogolo kulibe axle yodutsa, tayala lililonse lili palokha. Pamenepo tsatani malo olembedwa m'buku la galimoto, ndipo muyeze padera chifukwa pamafunika jeke wokwera kwambiri kuposa kumbuyo.

Nanga Hi-Lift, uja wofiira amene amaoneka bwino atamangiriridwa padenga? Wa mainchesi 48 ndi wotalika masentimita 122, amalemera pafupifupi makilogalamu 13, ndipo analembedwa kuti amanyamula makilogalamu 2,113. Pozula galimoto yotitimira m'matope alibe mnzake: mumakweza, kuponya mitengo ndi miyala pansi pa tayala, kutsitsa, n'kumapita. Koma posintha tayala ndi woopsa. Amafuna bampala yachitsulo yokhala ndi pomugwirizira, ya pulasitiki amangoithyola. Popeza amanyamula thupi la galimoto, tayala limatsalira pansi mpaka galimoto itapendekeka kwambiri, ndipo ikatero kukankha pang'ono kokha imagwera cham'mbali. Mankhwala ake ndi kumanga axle ku chassis ndi tcheni kapena lamba wolimba musanayambe kukweza. Chogwirira chake chikapulumuka m'manja potsitsa chimabwerera m'mwamba ndi mphamvu yothyola nsagwada, ndiye mutu usakhale pakati pa chogwirira ndi mtanda. Katundu akachepera makilogalamu 68 potsitsa, mutu wa jeke umagwa wokha mpaka pansi. Fumbi la m'chilimwe limaumitsa timapini take tiwiri tokwerera pa mtanda, jeke n'kukana kutsika galimoto ili m'malere. Mutsukeni ndi kumuthira oyilo musanamugwiritse ntchito.

Jeke wa matayala wa m'magalaji ndi wokhazikika pa simenti, koma ndi wolemera ndipo timatayala take timakanirira m'dothi, pomwe amayenera kuyenda pang'ono akamakweza. Wopinda ngati sizasi uja ndi wa galimoto zing'onozing'ono, musamuvutitse.

Jeke aliyense amene mwasankha, ndondomeko ndi yomweyo. Imani pamalo osapendekeka, kokani handibuleki, lowetsani 4L (giya yamphamvu yokoka matayala onse anayi) ndi giya yoyamba, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala loyang'anana nalo mopingasa. Masulani manati pang'ono tayala likadali pansi. Tulutsani sipeya musanakweze, makamaka ngati imakhala kunsi kwa galimoto, ndipo tayala lomwe mwachotsa muligoneke pansi pa chassis kuti jeke akagonja galimoto igwere pamenepo. Munthu asalowe kunsi. Manati mangani modumphitsa, limodzi uku lina uko, mumalizitse galimoto itatsika, ndipo muwaonenso mukayenda makilomita 50.

Woyenda misewu ya ku maesiteti ndi ku Kasungu National Park nyengo ya mvula angathe kunyamula onse awiri. Wa ndalama za jeke mmodzi agule wa botolo wa zitsulo ziwiri, zotsalazo akadulitse thabwa kwa kalipentala.