Lysistrata kapena Ecclesiazusae: amayi akalanda ulamuliro ku Athens

Aristophanes, mlembi wa ku Athens m'dziko la Greece lakale, analemba masewero awiri oseketsa, Lysistrata ndi Ecclesiazusae, momwe amayi amalanda ulamuliro, koma njira zake n'zosiyana.

Lysistrata linaonetsedwa mu 411 BC, nkhondo ya pakati pa mizinda ya Athens ndi Sparta ili mkati, patangopita zaka ziwiri asilikali a Athens atathera kunkhondo pachilumba cha Sicily. Amayi a mbali zonse amalumbira kuti sagona ndi amuna awo mpaka nkhondo ithe. Anthu ambiri amangokumbukira zimenezo, koma chondigwira mtima ine n'china. Amayi achikulire amalanda Acropolis, phiri la akachisi la mu Athens, kumene kunkasungidwa ndalama za boma, kuti nkhondo isowe chuma. Lysistrata, mtsogoleri wa amayiwo, amauza nduna maso ndi maso kuti amene amasamala ndalama zapakhomo angathenso kusamala za mzinda, ndipo amadandaula kuti amayi amabereka ana n'kuwapereka kunkhondo. Mtendere ukabwera, aliyense amabwerera kwa mwamuna wake.

Ecclesiazusae, la cha m'ma 391 BC, limapita patali. Mayi wina dzina lake Praxagora ndi anzake amavala ndevu zabodza ndi zovala za amuna awo, amalawirira kumsonkhano wa nzika, n'kuvota kuti amayi alamulire. Chuma chonse chimakhala cha onse, ndipo ulamulirowo sabweza. Chokhumudwitsa n'chakuti Praxagora amazimiririka sewero lisanathe, nthabwala n'kutembenukira kwa nkhalamba zolimbirana mnyamata.

Ine ndimasankha Lysistrata, chifukwa ululu wa mayi woferedwa umamveka ndithu, ngakhale ochita sewerolo anali amuna okhaokha ovala zigoba kumaso.